Ndinangovula nsapato pa kachisi wa Ahindu, ati ndabwera ndi ziwanda

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera mu nyuzipepala yathuyi chifukwa nkhani iyi yandikhala pakhosi kwa milungu ingapo tsopano, ndipo pa gulupu ya WhatsApp ya azimayi akutchalitchi kwathu ndalephera kuyankha bwinobwino poti iwe ukamalemba mzere umodzi anzako aponya kale ma voice note asanu. Ine ndine mayi wa ku Chilomoni, ndimagulitsa zitenje ndi nsalu za yunifolomu mu Limbe, tchalitchi ndinabadwiramo ndipo sindikuganiza zotulukamo. Ndanena dala zimenezi poyamba kuti wina asayambe zoti mayiyu wasochera.

Chaka chatha ndinapita ku India ngati gadiyani wa achimwene anga omwe amavutika ndi impso. Tinali ku Chennai, ine ndi alamu anga akazi awo, miyezi iwiri yathunthu ya chipatala, nyumba ya lendi, chipatala, nyumba ya lendi, mpaka nsima kuilota usiku. Opaleshoni itayenda bwino madokotala anati tisakwere kaye ndege, tidikire masabata atatu aziwaona. Nthawi imeneyo nde mayi eni nyumba yomwe timachita lendi, munthu wamkulu ndithu wa imvi zake, anandiuza kuti akupita kumudzi kwawo kukaona achemwali awo, ngati ndikufuna tipitire limodzi. Ndinkakana, koma achimwene anati pitani achemwali mwatopa ndi fungo la mankhwala, alamu anu alipo. Basi ndinanyamula kachikwama.

Tinakwera sitima mpaka Kumbakonam kenako basi ya kumudzi, ija yoima paliponse ngati minibasi ya ku Chileka. Mmbali mwa msewu minda ya mpunga yokhayokha, madzi mbee, azimayi atawerama kuwokera, ndinangokumbukira ku Domasi ndi kuchigwa cha Chilwa. Kutsogolo kunayamba mitengo ya makashu, mbuzi mumsewu, ng'ombe zosaopa hutala, ana asukulu pa njinga atatuatatu. Kumudzi ndi kumudzi basi abale, kaya ndi kwa ndani. Pakhomo lililonse mmawa mayi amasesa, kuwaza madzi, nkujambula timizere tokongola ndi ufa wa mpunga pansi, amati kolam. Ine poona ufa pansi mtima unagunda pang'ono, sindinama, poti kwathu kuno ukaona ufa pamphambano umalambalala.

Mudziwo dzina lake ndi Gangaikonda Cholapuram, mu boma la Ariyalur, chigawo cha Tamil Nadu. Ndinatha tsiku lonse kuliphunzira dzinali, ana a mnyumbamo akundiseka. Ndi kamudzi wamba, timasitolo tochepa, pogulitsira tiyi, malo odikirira basi. Koma ukangotsika basi, kutembenuka chonchi, pali kachisi wa Ahindu, chinsanja cha miyala chotalika kupitirira mamita 50, chosemedwa kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndinaima kukamwa yasa. Dera lonselo ndi lachidikha, phiri silioneka ngakhale la ngati Nyambadwe, nde miyala yonseyo anachita kukaitenga kutali, popanda lole, popanda kireni, popanda simenti ya mmatumba.

Kachisi ameneyu anamangitsa ndi mfumu Rajendra woyamba wa ufumu wa Chola, ndipo anatha mu 1035. Taganizani Akonzi, St Michael and All Angels ya pa HHI ija timainyadira kuti ndi yakale, ndipo ndi yakaledi, inatha mu 1891. Uyu anali atakhala kale zaka zoposa 850 pomwe a David Clement Scott ndi anthu awo amawotcha njerwa zawo pa Blantyre Mission. Bambo ake a Rajendra, mfumu Rajaraja, ndi amene anamanga kachisi wamkulu wa ku Thanjavur yemwe anatha mu 1010, ndipo nsanja ya mwanayu ndi yofupikirapo kuposa ya bambo ake. Mayi aja anandiuza kuti anachita dala posafuna kupitirira bambo ake, kaya ndi zoona kaya ndi nkhani ya agogo chabe, koma ine inandikomera poti ulemu wotere timaudziwa kwathu kuno.

Dzina lalitalilo limatanthauza mzinda wa Mchola yemwe anatenga Ganga. Asilikali ake anamenya nkhondo kulowera kumpoto mpaka kukafika kumtsinje wa Ganges, womwe kwa Ahindu ndi wopatulika, nkubwerako ndi madzi ake mmitsuko, madziwo anakawathira mu chidamu chachikulu chomwe mfumuyo inakumbitsa pafupi. Malo amenewa anali likulu la ufumu kwa zaka pafupifupi 250. Likulu, osati kamudzi. Lero nyumba ya mfumu kwatsala maziko a njerwa okha pamalo ena otchedwa Maligaimedu, mbuzi zikudya udzu pomwe pankakhala nduna. Mzinda wonse unatha psiti. Ngakhale mpanda wa kachisiyo unagumulidwa mbali ina, Angerezi mzaka za mma 1800 anatuta miyala yake nkukamangira damu pa mtsinje wa Kollidam. Koma kachisi mwini wake alipo, ndipo chomwe chinandigwira mtima kwambiri nchakuti si bwinja ayi, anthu akupempheramobe mmawa ndi madzulo. UNESCO inamuika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2004 pamodzi ndi wina wa ku Darasuram, kuphatikiza pa wa ku Thanjavur uja yemwe analowa kale mu 1987, ndipo atatuwa amawatchula kuti akachisi amoyo chifukwa chomwecho.

Tsono pachipata aliyense amavula nsapato. Olemera, osauka, mzungu wa kamera, wapolisi, aliyense. Ndinavula masilipasi anga nkuwasiya pamulu wa anzake, ndipo apa nde pagona mlandu wanga wonse kutchalitchi. Miyala inali ikuotcha ngati mchenga wa ku Nsanje mwezi wa Okutobala, ndinayenda modumphadumpha mpaka pa kapinga, mayi aja akungoseka. Kutsogolo kwa khomo kuli chifanizo cha ng'ombe yaimuna yogona, chachikulu kuposa minibasi, amati Nandi, chayang'ana mkati. Pambali pali chitsime chomwe khomo lake analiumba ngati chimkango. Mmakoma monse muli zosema, mulungu wawo Shiva akuvina, kwina Shiva yemweyo mbali imodzi mwamuna mbali ina mkazi, kwina akumanga nkhata ya maluwa pamutu pa munthu wogwada. Ine sindipembedza zimenezo, koma ndili ndi maso ndipo nsalu ndi ntchito yanga, wosemayo anaonetsa mpaka makwinya a nsalu ya mchiuno pamwala wolimba gwa. Munthu ameneyo anali ndi luso lochokera kwa Mulungu, kaya iye ankamutcha ndani.

Mkati ndinalowa mpaka pakati basi. Muli mdima, kukuzizira, fungo la mafuta a nyale, lubani ndi maluwa, mileme ikulira kudenga, kutsogolo uko kuli mwala waukulu wakuda womwe ndi chizindikiro cha Shiva, amati lingam, wotalika kuposa anthu awiri. Belu linalira, ng'oma ndi chitoliro, wansembe anazunguliza moto kutsogolo kwa mwalawo kenako anatuluka ndi mbale ya moto ndi phulusa loyera, anthu amayandikitsa manja kumoto nkudzigwira kumaso, phulusa nkupaka pachipumi. Atafika pa ine ndinangoika manja kumbuyo nkupukusa mutu, mayi aja anamuuza mchilankhulo chawo kuti ndine Mkhristu wa ku Africa, iye anangomwetulira nkupitirira. Palibe anandikakamiza, palibe ananditonza, palibe anandiuza kuti ndikapsa. Ndinali ndi mantha pang'ono mumdima muja, ndivomere, ndipo chamumtima ndimanena pemphero la Ambuye. Koma amene anali pafupi nane anali mayi wina wachitsikana atanyamula mwana wodwala, misozi ili chuchuchu, milomo ikuyenda. Ine amene ndinali nditangochoka kugona pa benchi ya chipatala miyezi iwiri, nkhope imeneyo ndimaidziwa, ndinaionapo pa Queens, ndinaionapo pagalasi.

Titatuluka tinakadya kwa achemwali awo aja, mpunga pa tsamba la nthochi, ndiwo za nyemba zamsuzi ndi tsabola woti mphuno ichite kutuluka thukuta, kudya ndi manja ngati kwathu. Iwo ndi amene anandifotokozera kuti chaka chilichonse, cha mu Okutobala kapena Novembala, amaphika mpunga wambirimbiri nkukuta nawo mwala wonse uja pothokoza chifukwa cha chakudya, kenako mpungawo amagawira anthu. Nditamva ndinati aa, iyi ndi nsembe imene agogo anga ankanena ija, ufa ndi mowa patsinde pa mtengo mvula ikavuta kapena zokolola zikacha. Kusiyana kwake nkwakuti iwo sachita nazo manyazi.

Nditabwerera ku Blantyre ndinaika zithunzi zisanu pa gulupu, china ndili chiimire kutsogolo kwa ng'ombe ija wopanda nsapato. Sipanathe ola. Wina anati mayi mwagwadira mafano. Wina anati kuvula nsapato ndi pangano, mwasiya nyota yanu, mwayi wanu, kumeneko. Wina, amene ndimamulemekeza kwambiri ndipo tinayimba limodzi kwayala zaka zambiri, anati achimwene anga akadzadwalanso tidziwe pomwe zachokera. Mawu amenewo anandipweteka kuposa onse. Lamulungu lotsatira ena amandipatsa moni wa nsonga za zala, ndipo panabwera nthumwi kunyumba kuti ndivomere andipempherere mwapadera. Pemphero sindikana ine, ndinawauza lowani tipemphere, koma osati pemphero lochotsa chinthu chomwe palibe.

Chomwe ndikufuna kufunsa anzangawa ndi ichi. Dokotala amene anang'amba mimba ya achimwene nkuwaika impso anali ndi phulusa lomwelo pachipumi mmawa uliwonse. Manesi ena chimodzimodzi. Pa nthawi imeneyo gulupu yonse inkalemba ameni, Mulungu agwiritse ntchito manja a madokotala. Nde manja a Mhindu ndi abwino akagwira mpeni wa opaleshoni, koma pakhomo pomwe iye amapemphera mpoopsa kupondapo? Mayi amene anatisunga mnyumba mwawo, kutiphikira phala achimwene atalephera kudya, kutiperekeza ku famase usiku, akandiitana kwawo ndikane kuvula nsapato pamalo pomwe iwo amalemekeza? Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ku mzikiti timavula nsapato tikapita kumaliro kapena kuukwati wa anansi athu achisilamu, mnyumba za eni za kapeti timavula, palibe amati tasiya nyota. Ndipo poti anzanga amakonda mavesi, Paulo ku Atene anayendayenda mumzinda kuyang'ana zomwe anthu amapembedza mpaka kuwerenga zolembedwa pa guwa lawo, zili pa Machitidwe 17, sanatuluke ndi chiwanda, anatuluka ndi ulaliki.

Komanso tiyeni tione mawu omwe tikugwiritsa ntchitowa. Kachisi. Liwu limeneli silinabwere pa sitima ndi amishonale ayi. Kachisi kanali kanyumba kaudzu komwe makolo athu ankathirako nsembe. Nsembe, wansembe, Chauta, Mulungu, Namalenga, Mphambe, onsewa ndi mawu a makolo omwe omasulira Baibulo anawapeza kuno nkuwabwereka. Lamulungu lililonse timayimba ndi mawu a anthu omwe timawanena kuti anali mumdima. Ine izi sindimaziganizira mpaka nditaima pa kachisi wa eni ake kutali uko.

Ndipo apa mpomwe nkhaniyi yasiya kukhala ya ine ndi gulupu yanga. Mantha omwewa ndi amene akutipangitsa kutaya zathu. Ndi angati mu Blantyre muno anapitako ku Khulubvi ku Nsanje, ku kachisi wa Mbona? Ine sindinapiteko, ndipo ndikuchita manyazi kuti ndinakafika ku Tamil Nadu ndisanafike kumeneko, msewu wake womwewu wotsika pa Thabwa kudutsa Chikwawa ndi Nchalo. Kumenekonso amavula nsapato, amavala nsalu yakuda, mitengo ya mnkhalango imeneyo saidula chisawawa, nchifukwa chake patsala nkhalango pomwe kwina konse kwayera. Amang'anja ausunga mwambowo zaka mazanamazana ndi kanyumba ka udzu komwe amakamanganso kakatha, popanda nsanja ya miyala. Koma ukanena kutchalitchi kuti ndikupita kwa Mbona ukaone nkhope za anthu. Ku Dedza kuli Chongoni, malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi gule, UNESCO inavomereza mu 2006, patangopita zaka ziwiri chivomerezereni kachisi ndinaonayu. Koma kumeneko ena amakalemba maina awo ndi a zibwenzi zawo ndi makala pamwamba pa zojambulazo. Ku India kuja ndinaona mnyamata wina akufuna kukwera pa chosema kuti ajambulitse, amene anamukalipira sanali mlonda wa boma, anali agogo ena ogulitsa maluwa pachipata. Boma kumeneko lili ndi nthambi yake yosamala zakale, Archaeological Survey of India, ndi imene imatchetcha kapinga ndi kukonza makoma, koma maso enieni ndi a anthu a mmudzimo chifukwa malowo ndi awo, amapezapo pemphero komanso amapezapo ndalama ya ndiwo, wina tiyi, wina kokonati, wina kusunga nsapato.

Sindikunena kuti ku India nkumwamba ayi. Zinyalala ndinaziona, mapulasitiki mngalande ngati mu Mudi, opemphetsa pachipata, ndipo za kusankhana mitundu pakati pawo zomwe zija za magulu obadwa nawo ndinazimva ndipo sizinandisangalatse. Ena mu basi amandiyang'ana ngati ndagwa kumwamba, mwana wina anandigwira tsitsi. Koma pa nkhani yosunga za makolo atiposa, tisakane.

Chinanso chomwe chandivuta. Ine ndakhala ndikupikula nsalu kwa Amwenye mu Limbe zaka zoposa 15. Ndimadziwa mitengo yawo, ndimadziwa amene amalola ngongole ndi amene salola, ndimadziwa amene amalipira antchito mochedwa, ndipo zimenezo tidzakambe tsiku lina poti zilipo. Koma sindimadziwa kuti pakati pawo ena ndi Asilamu, ena Ahindu, ena Asikh, kwa ine onse anali amwenye basi. Makombola akamaphulika usiku wa Diwali timangoti amwenye ayamba Khrisimasi yawo. Anthuwa akhala nafe kuyambira nthawi ya atsamunda, agogo anga ankagula mchere ndi palafini pa sitolo ya mmwenye kumudzi, mpaka boma la Kamuzu linawachotsa mmidzi mzaka za mma 1970 nkuwauza azichita malonda mmatauni. Mu mzinda uno muli kachisi wawo, ambiri timangodutsa pa minibasi osatembenuka. Nditabwerako ndinaonetsa zithunzi zija bambo wina amene ndimapikulako nsalu, makolo awo anachokera ku Gujarat, kutali kwambiri ndi komwe ndinapita ine, iwo eni ake sanafikekonso. Anaitana akazi awo, anaitana mwana wawo, foni yanga inazungulira sitolo yonse, anandipatsa mpando ndi tiyi, chinthu chomwe sichinachitikepo zaka zonsezi. Mtengo wa nsalu sanatsitse, musaganize zambiri, koma tsopano ndikalowa amafunsa za achimwene.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti tsamba lathu la Chichewali lizitipatsako nkhani za malo amenewa, osati ndale ndi milandu ya kubwalo zokhazokha. Tumizani mtolankhani ku Khulubvi akacheze ndi osunga malowo, apite ku Chongoni, apite ku Msinja kwa Makewana, alowe mu kachisi wa Ahindu wa mu tauni muno atapempha eni ake, atiuze zomwe zimachitikamo mChichewa chomveka kuti mayi wa ku Ndirande kapena ku Bangwe awerenge yekha mmalo momvera mphekesera. Aphunzitsi nawonso, ulendo wa ana asukulu usamathere pa Chichiri Museum kuona injini ya sitima ndi kukadya chipisi. Ndipo abusa athu atithandize kusiyanitsa kupembedza ndi kulemekeza, poti nkhosa zawo zikusokoneza ziwirizi ndipo zikupwetekana.

Kwa azimayi anzanga a pagulupu, ndikudziwa muwerenga ndipo mundizindikira. Sindinakwiye mpaka kutuluka, Lachinayi ndibwera ndipo chopereka changa cha mwezi uno ndapereka kale kwa msungichuma. Achimwene ali bwino, ayambanso kupita kuntchito, sabata yatha anadya nsima mitanda itatu. Zithunzi zija sindichotsa. Mvula ikatha ndikukonza zopita ku Nsanje ndi ana anga awiri, mwana wa alamu anga amene amaphunzitsa ku Bangula wati adzatiperekeza kukapempha chilolezo kwa mafumu, nsalu yakuda ndili nayo yambiri pa shopu. Mu galimoto mwatsala malo a anthu awiri, mafuta tisonkherana.

Mayi wogulitsa nsalu,
Chilomoni, Blantyre